Duku Lija Linali Langa

Abale ndi alongo a mumpingo muno, mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse. Ine ndine Amake mapasa, amene ndimakhala benchi yachitatu kumbali ya zenera, uja ndinkachapa kuchipatala. Abusa andiuza kuti ndilembe za moyo wa Aphunzitsi m'kalata ya mpingo ya mwezi uno. Ndinawafunsa kuti, “Abusa, muno muli anthu a madigiri, mwaona chiyani mwa ine?” Iwo akuti, “Amayi, a madigiriwo sanayende nawo zaka makumi awiri.” Ndiye ndalemba. Polakwika mukhululuke, sukulu yanga ndi ya kuukalamba.

Mpaka lero sindikumvetsa. Papita masiku khumi ndi awiri chiwaikireni m'manda, koma Loweruka lapitali ndinasamba, ndinavala, ndinatenga magalasi anga, ndakafika mpaka pageti pawo m'pamene ndikukumbukira kuti mulibe munthu. Ndinangoima pamenepo nditagwira geti. Munthu tinali naye Lamulungu, ataima pagome, mawu ali gwa! Lachiwiri akuti wapita. Zoona zimenezi?

Komanso pali mawu akuyenda amene akundisowetsa mtendere. Akuti Aphunzitsi mutu unali utayamba kusokonekera, umboni wake ndi duku lija analengeza Lamulungu lomaliza. Ndawamva pamaliro, ndawamva pampopi, ndawamva ngakhale pakhomo la tchalitchi. Abale anga, si zoona. Mayi uja wapita ndi nzeru zake zonse. Duku lija linali langa. Ndifotokoza, koma ndiyambire poyambira, chifukwa eni ake sankalola kudumpha. Ankati, “Tsamba loyamba kaye.”

Aphunzitsi anabadwa oyamba m'banja la ana asanu ndi awiri. Za ubwana wawo ine sindinazione, anandiuza okha. Bambo awo ankasoka nsapato pakhonde la sitolo ina, ndipo sankadziwa kuwerenga. Nsapato za anthu ankangozisunga m'mutu, izi za uje, izi za uje. Tsiku lina anasokoneza, anapereka nsapato za wina kwa wina, ndipo mwini wake anawatukwana pamaso pa anthu, mwana wawo ali pomwepo. Kamtsikanako kanali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, kangoyamba kumene sukulu. M'mawa mwake kanabwera ndi kachidutswa ka choko kamene kanatola pansi m'kalasi, n'kuyamba kulemba dzina la mwini pansi pa nsapato iliyonse. Ankaseka akamanena zimenezi. Ankati, “Bolodi langa loyamba linali lonunkha mapazi.”

Ali ndi zaka khumi mayi awo anadwala nthawi yaitali, ndipo kunyumba anati asiye sukulu azilera wakhanda. Iwo sanakane kulera, sanasiyenso sukulu. Ankapita ndi mwanayo kumbuyo, n'kumakhala kumapeto pafupi ndi chitseko kuti akalira atuluke naye msanga. Mayeso ena analemba ataimirira, uku akugwedeza mwana. Anakhoza. Anapita kosulidwa za uphunzitsi, ndipo atabwerako anawapatsa kalasi yoyamba, ya tiana tongoyamba kumene.

M'kalasi imeneyo anakhalamo zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu. Kawiri konse anafuna kuwakweza kuti akhale mkulu wa sukulu, kawiri konse anakana. Ankati, “Ine ndi wa ana a mamina, ndisiyeni konkuno.” Ambiri a inu amene mukuwerenga kalata ino chilembo choyamba anakugwirani dzanja ndi iwo. Mukukumbukira kuti sankachonga ndi cholembera chofiira. Ankachonga ndi pensulo, ndipo mwana akakonza ankafufuta chizindikiro cholakwacho, tsamba n'kukhala loyera. Aphunzitsi anzawo ankadandaula kuti akulekerera ana. Iwo ankayankha kuti, “Mulungu akanakhala wochonga ndi inki yofiira, tonsefe bwenzi tikuyenda tili psuu.”

Anakwatiwa ndi kalipentala wa mumpingo momwe muno. Gome lowerengerapo limene lili kutsogoloko anakhoma ndi iyeyo. Anabereka ana anayi, ndipo wotsiriza ali ndi zaka zitatu bamboyo anamwalira. Aphunzitsi analera okha, osakwatiwanso. Kenako mwana wawo wachiwiri, mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zinayi, anafera pangozi kuntchito. Anaika maliro Lachinayi, Lolemba mayi ali m'kalasi. Anthu anati ali ndi mtima wamwala. Iwo anangoti, “Ana a eni ake sanalakwe kanthu.” Patapita zaka zambiri m'pamene anandiuza kuti chaka chonse chimenecho, belu lopumulira likalira, ankalowa m'kachipinda kosungira choko, n'kutseka, n'kulira mpaka belu lina. Akatero ankapukuta nkhope, n'kubwerera kukaimbitsa ana a, e, i, o, u.

Atapuma ntchito sanapume. Lachinayi lililonse ankabwera kuchipatala kudzasambitsa odwala opanda abale, kuwawenga zikhadabo, kuwalembera makalata, kupemphera nawo. Kumeneko n'kumene tinadziwana bwino, poti ine ndinali wochapa zofunda. Kutchalitchi tinkangopatsana moni. Tsiku lina anandipeza kuseri kwa mathanki ndikulira. Mmodzi wa mapasa anga anandilembera kalata kuti banja lake latha, ndipo poti sindinkatha kuwerenga ndinapatsa mayi woyandikana naye nyumba kuti andiwerengere. Dzuwa lisanalowe, msewu wonse unali utadziwa.

Aphunzitsi anamvetsera, n'kundifunsa kuti, “Muli ndi zaka zingati, Amake mapasa?”

Ndinati, “Makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu.”

“Ndiye mwachedwa pang'ono. Belu linalira kalekale. Lachisanu mubwere.”

Ndinati, “Aphunzitsi, mutu uwu unauma.”

Akuti, “Mwachapa zofunda za chipatala chonse zaka zonsezi osasokoneza za wodi iyi ndi wodi iyo. Mutu wouma umenewo? Chilembo sichiluma, bwerani.”

Sukulu yathu ya akuluakulu inali m'kachipinda kakuseri kwa tchalitchi, kamene amaunjikamo mabenchi othyoka. Tinalipo khumi ndi awiri, ena ogulitsa pamsika, ena alonda, wina woyendetsa ngolo. Zonse ndinkagwira bwino, koma zilembo ziwiri zinandizunza, b ndi d. Kwa ine zinali ngati mapasa anga ali makanda. Aphunzitsi anajambula pabolodi n'kunena kuti, “Taonani, onsewa ndi amayi, akuyenda kulowera uku kumene tikuwerengera. Uyu b ndi woyembekezera, mimba ili kutsogolo. Uyu d wabereka mwana kumbuyo. Inuyo munachitapo zonse ziwiri, mungasokoneze bwanji?” Tinaseka mpaka misozi. Kuchokera pamenepo ndikakumana ndi chilembo chimenechi ndimaima kaye n'kufunsa, mimba kapena mwana? Koma ndikafulumira, kapena dzanja la wolembayo likakhala lopendama, ndimagwabe.

Ntchito ina imene nonse mukuidziwa ndi ya zolengeza. Zaka makumi atatu ndi chimodzi, mapemphero akamatha, Aphunzitsi ankaimirira, kupita pagome la amuna awo lija, kuvala magalasi, kutambasula pepala, n'kutiuza za sabata yonse. Ndani wadwala, ndani wabadwa, msonkhano uli liti. Sanaphonyepo dzina la munthu kapena tsiku. Anthu akamatsutsana panja, wina ankangoti, “Analengeza Aphunzitsi,” nkhani n'kuthera pomwepo.

Tsopano zaka zinayi zapitazo anandiitana. Akuti, “Amake mapasa, kuwerenga kwanu kwabwerera m'mbuyo. Muzibwera kwathu Loweruka lililonse masana. Alembi a mpingo akabweretsa pepala la zolengeza, muziyesera pamenepo.” Zinandipweteka, poti ine ndinkadziona ngati ndinamaliza. Koma ndinapita. Ankakhala pampando wawo wa pakhonde, ine pa kampando kakang'ono, pepala m'manja mwanga. Ndikawerenga mpaka pansi, iwo, “Werenganinso.” Ndikabwereza, “Werenganinso.” Katatu, sabata iliyonse, zaka zinayi. Palibe tsiku ananenapo kuti lero mwakhoza. Masiku ena ndinkabwerera kunyumba ndikudzitukwana kuti ndine mbuli yosaphunzitsika. Tsiku lina ndinalira panjira.

Nthawi yomweyo anayamba kundigwira mkono tikamayenda, ati mawondo. M'kalasi anasiya kuchonga okha, ankati tizisinthana makope, wina awerenge za mnzake mokweza. Akamathira tiyi ankaika chala m'mphepete mwa kapu. Munthu akalowa pageti sankamutchula dzina mpaka atayankhula. Zonsezi ndinkaziona ndi maso angawa. Ine! Zaka zinayi!

Loweruka lomaliza lija, Alembi anabweretsa pepala lolemba pamanja, ati makina osindikizira anawonongeka. Dzanja lawo mukulidziwa, zilembo zimagona ngati zawombedwa ndi mphepo. Ndinawerenga bwino mpaka mzere wotsiriza: “A kwaya nonse, amuna ndi akazi, Lachisanu aliyense abwere ndi duku lake.”

Aphunzitsi anatukula mutu. “Duku?”

“Eee, duku.”

“Ndi amuna omwe? Mwaonetsetsa, Amake mapasa? Mimba kapena mwana?”

Abale, apa m'pamene ndinachimwa. Ndinapsa mtima. Ndinati mumtima, mayi ameneyu adzandikhulupirira liti? Sindinayang'anenso pepala lija. Ndinangoti, “Ndaonetsetsa. Mwana ali kumbuyo. Kapena akufuna kuyesa yunifolomu yatsopano.”

Iwo anangoti, “Chabwino. Mukanena inu, ndi duku. Werenganinso.”

Lamulungu munaliko. Anaimirira, anayenda okha mpaka pagome, anavala magalasi, anatambasula pepala. Zonse zinayenda bwino. Pomaliza, ndi mawu awo omveka aja, “A kwaya nonse, amuna ndi akazi, Lachisanu aliyense abwere ndi duku lake.”

Kenako Ometa aja oimba besi, amene amameta anthu eni ake alibe ndi tsitsi limodzi lomwe, anaimika dzanja. “Pepani Amayi, ife a dazi tibwere ndi la maluwa kapena la mizeremizere?” Tchalitchi chonse chinagwa ndi phwete. Ngakhale Abusa anabisa nkhope m'manja. Alembi anaimirira n'kukuwa kuti, “Buku! Buku la nyimbo!” Aphunzitsi anamwetulira, n'kunena kuti, “Zikomo Alembi. Buku. A dazi mwapulumuka.” Anapinda pepala, anabwerera pamalo pawo.

Inenso ndinaseka nawo. Koma kuseka kuja kunandithera panjira. Ndinayamba kudzifunsa, duku limeneli si langa lija? Ine kulakwa n'chizolowezi. Nanga iwo, pepala lili m'manja, magalasi ali m'maso, munthu amene anaphunzitsa b ndi d zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, alakwa bwanji pomwe ndinalakwa ine? Nyimbo yotulukira sindinaimve.

Panja ndinamva Alembi akuuza akulu a mpingo kuti, “Agogo atopa. Mutu wayamba kuzungulira. Lero ndi duku, mawa adzalengeza maliro a munthu wamoyo. Tiwapumitse mwaulemu.” Sindikuwaimba mlandu Alembi, ananena zimene anaona. Ndipo iwowo kumaliro analira kuposa tonse.

Masana ndinapita kwawo. Ndinatsegula geti mwakachetechete, ndinavula nsapato, ndinayenda mpaka pakhonde osayankhula. Anali pampando wawo, nkhope italoza kwa ine. Ndinaima patsogolo pawo, pafupi ngati apa ndi apo. Ndinakweza dzanja, ndinaligwedeza. Maso ali chitsegulire, osaphethira. Mayo ine! Ndinangokhala pansi pa simenti.

Iwo akuti, “Amake mapasa, sopo wanuyo ndamumva muli pageti. Dzukani pansipo, muzizidwa.”

Ndinati, “Aphunzitsi, simukuona.”

“Ndikuona kuti kwacha, ndikuona kuti kwada. Zina zonse ndi utsi.”

“Chiyambire liti?”

“Chiyambire tsiku lija ndinakunamizani kuti kuwerenga kwanu kwabwerera m'mbuyo.”

Anandiuza zonse. Anapita okha kwa dokotala wa maso, anawauza kuti si ng'ala yoti n'kuchotsa, ndi mtsempha umene ukufa, ndipo anachedwa. Kuchokera pabenchi pawo kukafika pagome ndi mapazi khumi ndi limodzi, anawerenga. Pepala lija ankangoligwira. Zolengeza zonse, mayina onse, masiku onse, ankaziloweza pamtima Loweruka ine ndikamawerenga. Koyamba kumva, kachiwiri kusunga, kachitatu kutsimikiza. Mayi wa zaka makumi asanu ndi atatu ndi zisanu ndi chimodzi! Ameneyo ndiye mukuti mutu unasokonekera?

Ndinalira. Ndinati, “Ndiye ine zaka zonsezi ndimayesa ndikulephera mayeso.”

Akuti, “Munakhoza kalekale. Inuyo ndinu amene mwakhala mukulengeza mumpingo muno zaka zinayi, ine ndimangobwereketsa pakamwa. Pamenepo ndinakulakwirani, mundikhululukire. Ndinaopa kuti ndikakuuzani muchita mantha, muyamba kunjenjemera, poti ndimakudziwani.”

“Nanga bwanji osauza mwana wanu? Si namwino iye uja?”

“Ndi chifukwa chake. Akangomva, mawa lomwe galimoto ili pageti. Akanditsekera m'nyumba yake yosanja ija, kutali uko, ndizikamvera wailesi mpaka kufa. Odwala anga a Lachinayi asambitsa ndani? Kusambitsa munthu sikufuna maso, manja amaona okha. Kalasi ya Lachisanu? Komanso ndisanamize Mulungu, kunyada kunalipo. Sindinkafuna kumva anthu akuti, agogo osaona aja. Chimenecho ndalapa, ndipo ndikulapabe.”

Ndinati, “Koma dzulo munakayika. Munandifunsa. Bwanji simunatsatire nzeru zanu?”

“Ndinakufunsani, munati mwaonetsetsa. Mphunzitsi amene sakhulupirira wophunzira wake ndiye kuti sanaphunzitse kanthu.”

Mawu amenewo anandilasa kuposa kundikalipira. Ndinaulula kuti sindinayang'anenso, ndinayankha ndi mkwiyo. Ndinati ndipita kwa Alembi pompano ndikanene kuti duku ndi langa, chifukwa akuti mutu wanu wazungulira.

Anaseka. “Asiyeni. Wozungulira mutu samutumiza kwa mwana wake msanga ngati wakufa maso. Ndili moyo musauze munthu. Ndikadzapita mudzanene, koma osati pakamwa. Mudzalembe, ndi dzanja lanu, anthu adzawerenge. Imeneyo ndiyo homuweki yanu yomaliza.”

Ndinati, “Ndiye mukhalitse, chifukwa ine kulemba ndimachedwa.”

Akuti, “Yambani kusongola pensulo.”

Ndinayesa nthabwala, abale. Anali bwinobwino. Anamwa tiyi makapu awiri.

Lachiwiri masana ndinapitanso, poti mtima sunkandilola kukhala kunyumba. Ndinawapeza pakhonde pomwepo, atafunda kansalu m'miyendo, Baibulo lili pamwendo. Akuti, “Mwabwera bwino. Ndiwerengereni salimo. Lero si mayeso, ndikungofuna kumva.” Ndinatsegula pamene panali kachingwe, ndinawerenga pang'onopang'ono, chilembo chilichonse ndikuchiyang'ana kawiri. Nditamaliza anati, “Werenganinso.” Mawu anali otsika koma omveka. Ndinabwereza. Nditafika kumapeto ndinadikira kachitatu kaja. Zii.

Ndinati, “Lero kawiri kokha? Ndiye kuti ndakhoza?”

Zii.

Nditatukula maso, mutu unali utapendekera paphewa ngati munthu wogona, manja ali pamodzi, pakamwa ngati akufuna kumwetulira. Ndinawagwira dzanja, linali lofunda. Ndinaitana, “Aphunzitsi! Aphunzitsi!” Mpaka ndinawagwedeza, ine amene sindinawagwirepo mopanda ulemu. Panalibe kubuula, panalibe kuphupha. Mbalame zinkalira mumtengo wa pageti ngati palibe chachitika. Sindikudziwa kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji ndisanakuwe.

Mwana wawo namwino uja anafika Lachitatu. Akukonza m'nyumba anandiitana. “Azakhali, tabwerani. Chingwe ichi chochokera pakhomo la kuseri mpaka kubafa n'cha chiyani? Nanga mabotolo a mankhwalawa, bwanji ili lamangidwa mphira umodzi, ili iwiri, ili itatu?” Ndinaona nkhope yake ikusintha asanamalize kufunsa. Apo pokha ndinaphwanya lamulo, ndinamuuza pakamwa. Anakhala pansi m'khitchini, n'kumangoti, “Ine namwino zaka makumi atatu. Ndimabwera chaka chilichonse. Amandiuza kuti ndanenepa, Azakhali! Amadziwa bwanji kuti ndanenepa?” Ndinati, “Si paja ankakukumbatira pofika?” Tinalira tonse awiri, kenako tinapezeka tikuseka, kenako kuliranso.

Maliro anali Lachisanu, tsiku lomwe lija la kwaya. Anthu anadzaza mpaka mumsewu. Kunabwera madokotala, oyendetsa mabasi, ogulitsa pamsika, onse ana awo a mamina. Kunabwera ndi ena amene anawasambitsa kuchipatala n'kuchira. Kumbuyo kwanga amayi awiri ankanong'onezana kuti, “Komabe Mulungu wawachitira chifundo, wawatenga misala isanakule. Simunamve za duku?” Ndinaluma mlomo mpaka kuwawa. Ndinafuna kutembenuka. Koma anati osati pakamwa.

Ndiye kwaya inalowa. Abale, amene munaliko munaona. Kutsogolo kunali Ometa aja, suti yakuda, nsapato zopukuta, kumutu atamanga duku la maluwa. Kumbuyo kwawo amuna onse a kwaya, aliyense duku kumutu, ena lomanga mokhota, ena likugwera m'maso, akazi awo atawabwereka. M'manja aliyense buku lake. Palibe anaseka. Atafika pabokosi, Ometa anaima, misozi ili chuchuchu, n'kunena kuti, “Amayi, munalengeza kuti Lachisanu tibwere ndi duku. Zaka makumi atatu ndi chimodzi simunatinamizepo. Tabwera nalo.” Anayambitsa nyimbo, koma besi sinatuluke.

A kwaya aja sankadziwa chilichonse cha zimene ndalemba pano. Anangowakonda Aphunzitsi, kulakwa ndi kulakwa komwe. Koma ine ndikufuna mudziwe kuti sanalakwe n'komwe. Ananena ndendende zimene anamva kwa munthu amene anamukhulupirira. Amene mwakhala mukunena za mutu wawo, sindikukusungirani mkwiyo, inenso ndinali nawo pafupi kuposa nonse koma sindinaone. Chokhacho ndikupempha, mukafufute mawu amenewo kumene munawasiya, monga ankafufutira iwo tikakonza.

Asiya ana atatu, zidzukulu khumi ndi chimodzi, ndi ife tonse amene tikutha kuwerenga kalata ino chifukwa cha iwo. Asiya odwala a Lachinayi amene akufunsa kuti amayi aja abwera liti. Beseni lawo ndi kalumo kowengera zikhadabo zili kwa ine, amene akufuna kudzandithandiza andipeze. Mzimu wawo uuse mumtendere kwa Ambuye amene anamutumikira akuona ndi asakuona.

Aphunzitsi, homuweki ija ndi imeneyi. Yanditengera masiku asanu ndi anayi ndi mapensulo awiri. Palibe wondiuza kuti werenganinso, koma ndawerenga katatu.

Abusa andilola kuti nditsirize ndi cholengeza chimodzi. Sukulu ya akuluakulu sinatsekedwe. Tikumana Lachisanu masana, m'kachipinda ka mabenchi othyoka, ndipo amene sadziwa kuwerenga muwauze kuti chilembo sichiluma. Aliyense abwere ndi buku lake. Ndayang'ana kawiri, mimba ili kutsogolo.